Mkanjo wa Chansala

Wokwera minibasi kuchoka pa Msundwe kulowera ku tauni amadutsa M'bwatalika ndi Mpingu, kenako amafika pa Chitedze asanatulukire pa Njewa. Uku ndi uku ndi minda ya chimanga, mtedza ndi soya, zigafa za fodya zili ndandanda m'mbali mwa midzi. Pa Chitedze ambiri amangopadziwa ngati malo ofufuzira mbewu, kochokera mitundu ya chimanga ndi mtedza imene alangizi amabwera nayo kumudzi. Komatu pomwepo ndi pamene boma linamanga sukulu yake yoyamba yophunzitsa akatswiri a zaulimi m'dera lino, ndipo linaipatsa dzina la bwanamkubwa. Kuchokera nthawi imeneyo, n'kovuta kupeza koleji ya boma m'Malawi imene inamangidwa, kusamutsidwa, kutsekedwa kapena kugawidwa popanda dzanja la munthu wokhala ku nyumba ya boma.

Bwanamkubwayo anali Sir Geoffrey Colby, yemwe anafika ku Nyasaland mu 1948. Chaka chotsatira kunagwa njala yoopsa ija ya 1949, ndipo iye ndi akuluakulu ake a zaulimi anatsimikiza mtima kuti mlimi wakumudzi akuwononga nthaka. Sukulu ya Colby, yomwe inatsegulidwa pa Chitedze m'zaka za m'ma 1950, inali yosula alangizi oti akakhazikitse malamulo a malimidwe: mizere yopingasa, milambala yotchinga madzi, kuzula mapesi a fodya tsiku loikika lisanadutse. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena ankagona m'ndende. Mnyamata wotuluka ku Colby, ndi kabudula wake wa khaki ndi kabuku m'thumba, ankafika pamudzi ngati wapolisi wa m'munda. A chipani cha Congress anaona pamene panali bala, ndipo a Kamuzu Banda atabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958, nkhani ya malimidwe inali imodzi mwa zimene zinkawadzazira misonkhano.

Dera la kumadzulo kwa Lilongwe linali litatsalira kale pa sukulu, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Kuyambira 1920, pamene A. F. Barron anayamba kulima ndi kugula fodya pa esiteti ya Mbabzi, fodya wa chikopa anabweretsa ndalama m'midzi, koma ankafunanso manja a aliyense pabanja, ana omwe, kuyambira pa nazale mpaka posoka. Amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma ndi Malingunde anadzaza midzi ndi timasukulu tophunzitsa kuwerenga Baibulo ndi ntchito zamanja, osati kusula makalaliki. Ansembe a Katolika a ku Likuni ndi Nambuma anakhala zaka akulimbana ndi mafumu ndi akuluakulu a gule wamkulu pa funso lakuti mnyamata akhale wa kalasi kapena wa dambwe. Pamene izi zinkachitika, ku Khondowe amishoni a Livingstonia anali atatsegula kale sukulu yawo yapamwamba mu 1894, ndipo ana a kumpoto ankatuluka kumeneko akudziwa Chingerezi ndi masamu. Kusiyana kumeneku sikunayambitsidwe ndi mwana aliyense, koma andale anadzakugwiritsa ntchito kawiri konse.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu Okutobala 1964, dziko litangokwanitsa miyezi itatu lili paufulu, ndiponso patangopita milungu yochepa nduna zingapo zitasemphana ndi a Banda n'kuthawira kunja. Maphunziro anayamba ku Chichiri mu Blantyre pa 29 Sepitembala 1965 ndi ophunzira 90. Woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku anali Dr Ian Michael wa ku Britain, koma mpando wa chansala anaukhala a Banda eni ake. Ku Britain, komwe mwambowu unachokera, chansala ndi munthu wongolemekezedwa: amavala mkanjo wa maluwa agolide ndi chisoti chake, amapereka madigiri, n'kubwerera kwawo. Kuno mkanjowo unavalidwa ndi munthu amene analinso mwini chipani, mwini apolisi, ndiponso mwini makiyi a ndende ya Mikuyu.

Poyamba dera la Lilongwe linaoneka ngati lapata. Koleji ya zaulimi ya Bunda inamangidwa kufupi ndi Mitundu ndi thandizo la America, n'kukhala nthambi ya yunivesite mu 1967. Chaka chotsatira, ndi ngongole ya World Bank, inayamba ntchito yaikulu yotukula ulimi kumadzulo ndi kummwera kwa Lilongwe: misewu ya fumbi, mijigo, misika ya mbewu ndi ngongole za feteleza zinafika m'madera ngati Nsaru ndi Mpingu, ndipo ntchito yonseyo inkafuna alangizi a ku Colby ndi madipuloma a ku Bunda. A Banda, omwe ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani, ankafuna sukulu zotulutsa anthu odziwa chimanga ndi fodya. Koma pogawa zazikulu, anachita mwanjira yawo. Likulu la dziko analichotsa ku Zomba n'kulibweretsa ku Lilongwe mu 1975, ndipo Zomba anaipepesa ndi Chancellor College, yomwe inasamukira ku Chirunga mu 1973. Mwana wa ku Kabudula wofuna zamalamulo, mbiri kapena uphunzitsi wa sekondale ankayenera kunyamula sutukesi yake ya malata ulendo wa tsiku lonse pa basi.

Ku Chirunga, zofuna za chansala zinkalowa mpaka m'kalasi. Kwa zaka zambiri wapampando wa khonsolo ya yunivesite anali a John Tembo, munthu wapamtima wa a Banda, ndipo m'zaka za m'ma 1980 mkulu wa Chancellor College anali Dr Zimani Kadzamira, mlongo wake wa Mayi Cecilia Kadzamira. Phunziro la ndale kunalibe. Lomwe linaloledwa ndi la kayendetsedwe ka ntchito za boma. Koma chifukwa a Banda ankakhulupirira kuti munthu sanaphunzire ngati sadziwa Chilatini ndi Chigiriki, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunatsegulidwa nthambi yophunzitsa zilankhulo zakalezo, kuti ilandire ana ochokera ku Kamuzu Academy, sukulu yomwe anaitsegula ku Mtunthama mu 1981. Chichewa, chomwe msonkhano wa chipani wa 1968 unachikweza kukhala chilankhulo cha dziko, nacho chinapatsidwa nthambi yake, ndipo chansala ankabwera yekha kudzaphunzitsa akatswiri a chilankhulo mmene Chichewa chenicheni chimayankhulidwira. Madokotala a zamaphunziro ankakhala phee, n'kuwomba m'manja pomaliza.

Kuwomba m'manjako kunali ndi chifukwa. Pakati pa zaka za m'ma 1970, m'nthawi imene a Albert Muwalo ndi a Focus Gwede anali ndi mphamvu, aphunzitsi ndi akuluakulu angapo a pa yunivesite, makamaka ochokera kumpoto, anatengedwa n'kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mmodzi mwa iwo anali wolemba ndakatulo Felix Mnthali. Mu 1983 ophunzira ena, kuphatikizapo Edge Kanyongolo yemwe anadzakhala mphunzitsi wodziwika wa zamalamulo, anagwidwa n'kukakhala m'ndende kupitirira chaka. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anatenga Dr Jack Mapanje, mkulu wa nthambi ya Chingerezi, pa kalabu ya Gymkhana ku Zomba. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linali litachotsedwa kale m'masukulu ndi m'mashopu. Anatuluka ku Mikuyu mu Meyi 1991 osauzidwa mlandu wake. Ophunzira a m'zaka zimenezo ankadziwa kuti m'kalasi iliyonse mungakhale kazitape, ndipo ankasankha mawu ngakhale pa tebulo la ku kafeteriya.

Kota inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Boma linati malo a ku yunivesite azigawidwa potengera boma lochokera mwana, osati mapointi okha, ati chifukwa ana a kumpoto ankachuluka mopitirira chiwerengero cha anthu a chigawo chawo. Mu 1989 a Banda anawonjezera: analamula kuti aphunzitsi onse abwerere ku zigawo za kwawo, powanena a kumpoto kuti ankaphunzitsa mwaulesi dala akakhala pakati ndi kummwera. Masukulu ambiri a m'chigawo chapakati anataya aphunzitsi a masamu ndi sayansi m'teremu imodzi, moti lamulo lomwe ankati likuteteza mwana wa ku Nambuma linamusiya ndi bolodi lopanda woimapo. Mu 1993 ophunzira ena anatengera nkhani ya kota ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo bwalo linagamula kuti ndi tsankho. Inatha, kwa kanthawi.

Pofika apo zinthu zinali zitatembenuka kale. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse, ku Namitete ndi ku Likuni komwe, ndipo patapita masiku ochepa ophunzira a ku Chancellor College anaguba m'misewu ya Zomba kuikira kumbuyo maepiskopiwo. Koleji inatsekedwa. Chaka chomwecho yunivesite inalandira Mmalawi woyamba kuiyendetsa, Pulofesa Brown Chimphamba, patatha zaka zoposa 25 ili m'manja mwa azungu ochokera ku Britain. A Chimphamba ndi amenenso anatsogolera bungwe loyendetsa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, yomwe inathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi.

A Bakili Muluzi analandira mkanjo uja mu 1994 osaufunsa kuti ngwa chiyani. Ndale zawo zinali za chiwerengero. Sukulu ya pulayimale yaulere inakweza ana olembetsa kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 masukulu a MCDE anasandutsidwa ma CDSS, ambiri opanda labotale kapena laibulale. Khamu lonselo linali kubwera, pomwe khomo la yunivesite linali lomwe lija. Yankho lina linali Yunivesite ya Mzuzu, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 n'kutsegulidwa mu 1999 m'nyumba za koleji ya aphunzitsi. Chigawo chomwe chinavotera a Chakufwa Chihana chinapeza yunivesite yake. Yankho lina linali kulola ophunzira oyendera, olipira okha fizi yokwera, njira yomwe inathandiza kwambiri ana a anthu apantchito m'tauni kuposa ana a alimi. Ufulu woyankhula unalipo ndithu: phunziro la ndale linaloledwa, ndipo mu 2000 a David Rubadiri, kazembe woyamba wa dziko lino ku America yemwe anathawa a Banda mu 1965, anabwera kudzayendetsa yunivesite. Koma ndalama zinkachedwa, masitalaka anachuluka, ndipo mu Disembala 2001 wophunzira wa ku Chancellor College, Fanikiso Phiri, anafa atawomberedwa ndi apolisi pa zionetsero ku Zomba.

Palibe pulezidenti amene anagwedeza maphunziro apamwamba m'nthawi yochepa ngati a Bingu wa Mutharika. Atapambana ndi mavoti ochuluka mu 2009, kumpoto komwe, anabwezeretsa kota, ulendo uno ataipatsa dzina lofewa lakuti kugawana malo mofanana. Boma lililonse linkayamba lapatsidwa malo 10, otsala n'kugawidwa potengera kuchuluka kwa anthu. Sinodi ya Livingstonia inakana poyera, ndipo a Harry Mkandawire, mkulu wina wa chipani cha DPP kumpoto, anachotsedwa m'chipani atadzudzula. M'midzi ya Lilongwe, momwe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.6 miliyoni osawerengera mzinda, ena anaona ngati kota ndi mwayi wawo. Koma kota sinawonjezere desiki ngakhale limodzi. Inkangogawa umphawi wa malo, m'dziko limene achinyamata ofika ku yunivesite sankakwana mmodzi pa 100 aliwonse. Ndipo malo olembedwa kuti ndi a Lilongwe ankakonda kugwera mwana amene mfumu yake ndi ya ku Kalolo kapena Khongoni pa fomu pokha, pomwe iye anaphunzira pa sekondale yabwino yogonera konko kapena ya pulaiveti m'tauni. Wa pa CDSS ya kumudzi, wolemba mayeso a sayansi asanagwirepo botolo la mu labotale, ankapikisana naye pa mndandanda womwewo.

Nkhani ya yunivesite ya sayansi ndi imene anthu a ku Lilongwe sanaiiwale. Malawi atasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, panapezeka ngongole ya ndalama pafupifupi madola 80 miliyoni yomangira yunivesite ya sayansi ndi luso. Mapulani oyamba ankati imangidwe ku Lilongwe, dzina lake lomwe linali ndi Lilongwe m'kati. A Bingu anaizula ngati mbande ya fodya pa nazale ya gulu, n'kukaiwokera pa munda wawo wa Ndata ku Thyolo, ponena kuti apereka okha malo. Aphungu otsutsa anafuula, koma chiwerengero m'Nyumba ya Malamulo chinali cha DPP. Yunivesiteyo, MUST, inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014, mwini maganizo atagona kale m'manda ake a Mpumulo wa Bata pa Ndata pomwepo. Kunena chilungamo, sukuluyo yakula bwino ndipo ana a m'zigawo zonse akuphunzirako. Funso la mmene inapezekera kumeneko ndi limene silinayankhidwe.

Lilongwe inapatsidwa china. Lamulo la 2011 linachotsa Bunda ku Yunivesite ya Malawi n'kukhazikitsa yunivesite ya LUANAR, yomwe inayamba ntchito pa 1 Julayi 2012 motsogozedwa ndi Pulofesa George Kanyama-Phiri. M'kati mwake munadzalowanso Natural Resources College, yomwe ili kufupi ndi msewu wa Mchinji. NRC ndiye mdzukulu wa Colby: inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la Canada, itasonkhanitsa masukulu ang'onoang'ono a zaulimi ndi ziweto, ndipo pambuyo pake boma linaisiya kuti izidzipezera yokha ndalama kudzera mu fizi. Kulowa kwake mu LUANAR kunatanthauza kuti mwana wa ku Mpingu angathe kuyamba dipuloma pamtunda woti n'kupalasa njinga, n'kudzapitiriza digiri ku Bunda. Pa zonse zimene apulezidenti achita ndi mayunivesite, ichi ndi chimene chinafika pafupi kwambiri ndi khomo la anthu a dera lino, ndipo chinachitika mopanda phokoso.

Phokoso linali ku Zomba. Pa 12 Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ndale ku Chancellor College, kuti akafotokoze zimene ananena m'kalasi. Iye anali atapereka chitsanzo chakuti kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, komwe kunali kutavuta m'Malawi, n'kofanana ndi zina zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Mawu a m'kalasi anafika bwanji ku likulu la apolisi? Aphunzitsi, motsogozedwa ndi Dr Jessie Kabwila, anati sakalowanso m'kalasi mpaka a Mukhito apepese ndiponso boma litsimikize kuti akazitape achoka. Anaguba m'misewu atavala mikanjo yawo. Apa chansala akanatha kukhala mkhalapakati, pakuti aphunzitsiwo anali ake ndipo apolisiwo analinso ake. A Bingu anasankha mbali: ananena pamsonkhano kuti mkulu wa apolisi sapepesa, n'kulamula aphunzitsi kubwerera kuntchito. Khonsolo inachotsa ntchito a Kabwila, a Chinsinga, Dr Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin, inatseka Chancellor College ndi Polytechnic, ndipo makhothi anakhala akupereka ziletso zotsatizana. Nduna ya zamaphunziro nthawi imeneyo inali mng'ono wa pulezidenti, Pulofesa Peter Mutharika, munthu amene anaphunzitsa zamalamulo zaka zambiri ku Washington University ku America, ndipo anthu ambiri anadabwa ndi kukhala chete kwake.

Zinafika pa mwana wakana phala. Pa zionetsero za pa 20 Julayi anthu 20 anaphedwa. Pa 24 Sepitembala wophunzira wa ku Polytechnic wokonda kudzudzula boma, Robert Chasowa, anapezeka atafa pasukulupo. Apolisi anati wadzipha, koma bungwe lofufuza lomwe Mayi Joyce Banda anakhazikitsa atakhala pulezidenti mu 2012 linapeza kuti anachita kuphedwa. Kumapeto kwa Okutobala 2011 a Bingu anagonja, aphunzitsi anayi aja anabwezeretsedwa, koma ophunzira anali atataya miyezi 8.

A Peter Mutharika atatenga boma mu 2014, nduna yawo yoyamba ya zamaphunziro inali Dr Emmanuel Fabiano, yemwe ankayendetsa yunivesite pa nthawi ya mkangano uja. Ulamuliro wawo unabweretsa bungwe la ngongole za ophunzira mu 2015, ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera, owonjezera pa akale ngati Namitete Technical College. Koma mu 2016 khonsolo inakweza fizi kufika pa K400,000 pachaka, ndalama yomwe mlimi wa fodya wa bale sakanaipeza ngakhale atagulitsa mabelo angapo ku Kanengo. Ophunzira anatseka misewu, ndipo ku Zomba mdipiti wa galimoto za Jill Biden, mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America pa nthawiyo, unachita kubwerera panjira. Atsogoleri a ophunzira anaitanidwa ku nyumba ya boma, ndipo chansala anadula K50,000 pa fiziyo.  Chaka chotsatira Chancellor College inakhalanso yotseka kwa miyezi yoposa 6 pa mkangano wa malipiro a aphunzitsi.

Kenako dzina la Msundwe linalowa m'kamwa mwa dziko lonse. Chisankho cha Meyi 2019 chitakanidwa ndi otsutsa, achinyamata a kuno ankadzaza malole kupita ku zionetsero za mu mzinda, mpaka anthu anayamba kupatchula kuti Msundwe Barracks. Ambiri mwa iwo anali ana a pulayimale yaulere ija: anafika Fomu 2 kapena Fomu 4, khomo la koleji linatsekeka, n'kutsala ndi kabaza, geni ya pamsika ndi ganyu. Pa 8 Okutobala 2019, tsiku lomwe a Mutharika anali ndi msonkhano ku Lilongwe, msewu unatsekedwa pa Msundwe ndipo wapolisi, Usumani Imedi, anaphedwa ndi miyala. Zimene apolisi ena anachita pobwezera kwa amayi ndi atsikana a pa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu zinafika ku khothi, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Pa 3 Febuluwale 2020 bwalo linafafaniza chisankho chija. Mwezi womwewo usanathe, nduna ya zamaphunziro, Dr William Susuwele Banda, inalengeza kuti kota yatha. Chipani chomwe chinaibwezeretsa ndi kuiteteza kwa zaka 10 chinaitaya kutatsala miyezi inayi kuti anthu akavotenso, mavoti a kumpoto akufunika.

Wopambana pa 23 Juni 2020 anali mwana wa dera lomweli. A Lazarus Chakwera ndi a ku Malembo kwa Khongoni, anali phungu wa kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe, ndipo ndi mmodzi mwa ana ochepa a alimi a kuno amene anadutsa pa khomo lopapatiza lija, n'kulandira digiri ya filosofi ku Yunivesite ya Malawi mu 1977, chansala ali a Kamuzu. Patangopita milungu yochepa ali pampando, anauza mtundu kuti mphamvu za pulezidenti n'zochuluka mopitirira, ndipo pa zoyenera kuunikidwanso anatchula udindo wa chansala, kuti ndi chotsalira cha nthawi yakale. Mpata woyesera mawuwo sunachedwe. Nyumba ya Malamulo inali itavomereza kale mu 2019 kuti Yunivesite ya Malawi igawidwe patatu, koma mu Januwale 2021 khonsolo yatsopano inati ntchitoyo iime kaye chifukwa sinayende motsata malamulo. Boma silinalole. Nduna Agnes NyaLonje inalengeza tsiku, ndipo pa 4 Meyi 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, dzina la UNIMA n'kutsalira ku Zomba. Kugawako kunali ndi zifukwa zomveka, pakuti makoleji anatopa n'kudikira chilolezo cha ofesi yaikulu ku Zomba pa kanthu kalikonse. Koma mawu omaliza sanachokere ku khonsolo. Ndipo zotsatira zake zinali zakuti pulezidenti amene ankakayikira mkanjo umodzi anakhala ndi mikanjo 6, ndipo anaivala pa miyambo ya madigiri mpaka kumapeto kwa ulamuliro wake.

Anthu a mkangano wa 2011 nawo anasinthana mipando. A Chinsinga anakhala nduna ya maboma ang'onoang'ono mu 2022. Mayi Kabwila, atakhalapo phungu wa MCP ku Salima, anasankhidwa kukhala nduna ya maphunziro apamwamba mu Januwale 2025. Palibe cholakwa kuti mphunzitsi alowe ndale, koma njira yochoka ku Chirunga kupita ku Capital Hill yapondedwa kwambiri moti mkulu wa koleji aliyense amadziwa kuti amene akumudzudzula lero angadzakhale bwana wake chisankho chikadutsa, ndipo amayankhula moyang'ana uku ndi uku.

Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 a Peter Mutharika anabwereranso, ndipo mayunivesite a boma anapeza chansala yemwe anali naye kale. Pa mndandanda wa ntchito zowadikira panali yunivesite ya ku Mzimba. Inali imodzi mwa mayunivesite atsopano amene a Bingu analonjeza. A Peter anaika mwala wa maziko mu 2015 ikutchedwa Mombera, ndipo misewu ya tala inayalidwa m'tchire nyumba zophunziriramo zisanaoneke. Boma la a Chakwera linaisintha dzina kukhala Inkosi ya Makhosi M'mbelwa University n'kupitiriza kumanga. Pofika tsiku lovota mu 2025, patatha zaka 10 chiikireni mwala uja, pamalopo panali pasanayambe maphunziro.